Ufa wa Mapira pa Chinde

Lachiwiri

Esinala 08:14
phyllis mwafika pati? baba akundifunsa kuyambira mmawa

Phyllis 09:40
sorry sisi, network ya panyanja ndi imeneyi. tanyamuka ku Beira dzulo, matanga ali mmwamba, kamphepo kabwinobwino. alendo anga angoti lambalamba pa deck ngati ng'ona pamchenga kkk. ine ndi mapoto anga ku kitchen

Esinala 09:42
ufa wa mapira uja ulipo?

Phyllis 09:43
uli mchikwama. koma sisi, ine wa kwaya ndikathire nsembe azungu akuona?

Esinala 09:51
palibe akuti upembedze. mai anapita ndi madzi osefukira, manda tilibe. baba akuti Shire amathira mu Zambezi, Zambezi amathira mnyanja pa Chinde, ndiye mai anadutsa pamenepo. kwathu kuno ofikako ndiwe wekha

Esinala 09:53
ukudziwa chichokereni mai, baba sanapondeko kudimba. amangokhala pakhonde kuyang'ana kumtsinje

Esinala 11:20
phyllis?

Lachitatu

Phyllis 07:05
sisi zavuta. captain akuti pa Chinde sitilowa, pakamwa pa mtsinje pali michenga, boat ikhoza kutitimira. alendonso akufuna zilumba, akuti snorkeling, kusambira uku akuona nsomba. tidutsa patali

Phyllis 07:06
musawauze kaye baba plz

Esinala 07:30
ali pompano, ndawawerengera kale. ine kunama sinditha iwe

Esinala 07:38
🎤 voice note 0:52

Esinala 07:39
ndi baba amenewo

Phyllis 08:15
sikutseguka, network 😭 akuti chani

Esinala 08:17
akuti usakangane ndi captain, ntchito ndi ntchito. akuti iwe uzingoyang'ana madzi. Zambezi sathera pagombe, amalowa mnyanja kutali ndithu. ukaona madzi asanduka ofiira, amenewo ndi akwathu. kwinako akuyankhula ndi mai mchisena, sinditha kulemba, ndingalire

Phyllis 08:20
ok sisi. ndiyang'ana

Lachinayi

Phyllis 10:02
kuli blue yekhayekha. mwina tinadutsa ndili ku mapoto. mtima ukundiwawa

Esinala 10:05
yang'anabe

Phyllis 13:47
SISI

Phyllis 13:47
📷

Phyllis 13:48
onani mzerewo! uku blue uku kofiira ngati Shire wa mu february. mtunda sukuoneka nkomwe. ndipo mukuona zobiriwirazo? NAMASUPUNI sisi, weniweni wa ku marsh kwathu ku Shire, mpaka kuno!

Esinala 13:50
mayo ine

Phyllis 14:31
ndathira. ndinawafotokozera captain, anangotsitsa thanga limodzi boat nkuyenda pang'onopang'ono. alendo anazimitsa nyimbo okha

Phyllis 14:33
voice note ya baba inatseguka mmawa. ndinaika pa loud, foni ndaigwira pamwamba pa madzi, mai amve okha. kenako ndinaimba ya kwaya ija ankaikonda. manyazi ndinalibe olo pang'ono, ndinangolira basi

Esinala 14:40
ndawauza. avula chipewa. apita kuseri kwa nyumba

Phyllis 14:58
ali bwnj?

Phyllis 15:25
sisi?

Esinala 16:10
pepa tinali kuseri kwa nyumba. akuti takhuta mwananga, zikomo ya mchisena ija

Esinala 16:11
akufunsa kuti khasu lawo tinaika kuti