Ndakhuthula Ndowa, Amayi

Amayi anga Anangozo, kodi kumeneko kwacha bwanji?

Kuno ku Tsangano kwacha ndi nkhungu ija mumaidziwa, yophimba phiri, msewu ndi mbuzi zomwe. Ndakhala pakhonde nditafunda chitenje chanu chamaluwa achikasu, ndipo sindikuona ngakhale mtengo wa pichesi uli pamaso pangapa. Tsiku lotere ndimaganiza kuti kwanuko si kutali. Mwina mwangotsikira kudimba, ndipo nkhungu ikayera mutulukira mutasenza ndowa, mukundikalipira kuti dzuwa lakwera ine ndikadali pa foni.

Zakuno ndi izi. Kwa achimwene a Lufeyo kwabadwa mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Watenga makutu anu, ang'onoang'ono koma osaphonya kanthu, munthu ukangonong'ona wadzuka. Chimanga chinachitako bwino, nkhokwe sinadzaze koma chaka chino sitigula. Nkhuku yanu yamawanga ija ikadalipo, yakalamba, mazira inasiya kalekale, koma palibe amene ali ndi mtima woigwira. Denga la khitchini likudonthabe pomwe paja munkati mudzakonza mukachira.

Tsopano ndikuuzeni za ntchito yanga, imene munkaitcha kucheza ndi mphepo. Tsamba lija ndinayamba pa intaneti, lolemba za ulimi wa mbatata ya kachewere, lakula. Akuwerenga ndi anthu amene nkhope zawo sindinazionepo, a ku Kandeu, a ku Kasinje, ena m'tauni. Amandifunsa za chiwawu, za manyowa, za mbewu. Ndimawayankha nditaima pachulu chija kuseri kwa nyumba, poti ndi pamene netiweki imagwira, ngakhale masiku ena foni imasochera n'kuyamba kundilonjera m'Chipwitikizi ngati ndaoloka malire. Ndikaima pamenepo nkhungu itandizinga, mawu anga akupita kwa anthu osaoneka, ndimadzifunsa ngati ena mwa mawuwo safika kwa inu.

Tsamba likakula, amalonda amanunkhiza. Amakupatsa katundu wawo kuti uyese, ulembe zimene waona, iwo akulipire. Ine pamenepo sindiona choipa. Bandulo ya intaneti sagula ndi zikomo, ndipo tsiku limene ndalemba ndi tsiku limene sindinapalire. Inunso pogulitsa pamsewu paja simunkagawa kachewere ulere.

Ndiye kunabwera bambo wa kampani ina ya mbewu, wa nsapato zosadziwa matope. Anandipatsa mbewu yatsopano ya kachewere kuti ndibzale kudimba, n'kulonjeza kuti ndikailemba bwino mvula isanagwe, andilipira. Amayi, ndalama zake zinali zokwana chiliza chanu. Mukudziwa kuti manda anu akadali mulu wa dothi ndi mtanda wa thabwa umene chiswe chayamba kuulawa. Ndinayamba kulota masana. Ndinkaona chiliza choyera, dzina lanu litalembedwa mozama, amayi a kumpingo akuimba, amalume atatulutsa chishango chawo kuti avine ngoma, fumbi lili koboo. Ndinafika posankha ndi vesi lomwe.

Mbewuyo inamera mosangalatsa. Pokumba, kachewere wake anali wamkulu ngati chibakera cha achimwene, wosalala, woti ukamujambula anthu amameza malovu. Koma ndinachita zimene munkachita inu ndi mbewu yachilendo. Ndinasiya thumba limodzi m'chipinda chozizira chija kuti ndione ngati asungika. Mwezi usanathe fungo linandichingamira pakhomo. Wapamwamba anali bwinobwino, wapansi atasanduka phala.

Ndinawaimbira a kampani aja. Anandiyankha mwaulemu kuti za kasungidwe si mbali yawo. Anati ndingoika zithunzi za tsiku lokumba, ndipo ndisatchule zoti akundilipira, chifukwa mlimi amamvera mlimi mnzake kuposa wotsatsa malonda. Mawu amenewo anali oona, ndipo ndi amene anandiopsa.

Achimwene anati nditenge ndalamazo basi. Akuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, kachewereyo ndi wamkuludi, ndiye bodza lili pati? Anandifunsa kuti mudzagona pansi pa thabwa mpaka liti. Sindiwaimba mlandu, amakusowani monga ine.

Koma sabata yomweyo ndinalandira uthenga wa Anachisale, mayi wamasiye wa ku Kandeu amene amawerenga tsamba langa. Anati agulitsa mbuzi kuti agule mbewu ya munda wonse, ndipo akungodikira kuti ine ndinene. Iwo sagulitsa pokumba pomwepo. Amasunga mpaka mtengo ukwere, ndipo ndi mmene ana awo amapitira kusukulu. M'maganizo mwanga, thumba lija loola ndinaliona lili m'nyumba mwawo.

Pamenepo ndinakumbukira pamsewu. Anzanu ankaika kachewere m'ndowa mwaluso, timbatata pansi, zikuluzikulu pamwamba, mulu wosongoka wokopa maso. Inu wogula akangoima, munkagwira ndowa n'kuikhuthulira pa chiguduli, waa, zonse poyera. Ine manyazi ankandigwira, makamaka poti wotolera ndinali ine. Ogula ena ankati akaona timbatata ankapita kwa oyandikana nanu, ine mtima uli phaphapha. Inu munkangopukuta m'manja n'kunena kuti, "Asiye apite. Wogula agule ndowa yonse, osati chipewa chake." Madalaivala a malole ankabwerera chaka ndi chaka akufunsa kuti ali kuti mayi wokhuthula uja. Mpaka lero ena amafunsabe.

Ndiye ndakhuthula, amayi. Ndinalemba poyera kuti mbewuyi ndinapatsidwa ulere, ndipo eni ake analonjeza kundilipira. Ndinaika chithunzi cha tsiku lokumba, pambali pake cha pansi pa thumba. Ndinati kwa okazinga tchipisi ndi ogulitsa msanga mbewuyi ndi yabwino, sindinaonepo yobereka chotere kudimba kwathu, koma osunga asamale, kwa ine inaola. Ndinanenanso kuti ndayesa dimba limodzi lokha, mwina kwa ena zidzasiyana. Ndinatumiza nditaima pachulu paja. Sindikubisirani, ndinalira, chifukwa ndinkadziwa chimene ndikutaya.

A kampani sanakalipe, anangosiya kuyankha foni. Anachisale anagula mbewu yawo yakale, ndi pang'ono ya yatsopanoyo yoti adzagulitse pokumba. Mayi wina woumba mbaula wandipempha kuti ndiyese zake. Nditamuchenjeza kuti ine ndimakhuthula, anaseka n'kunena kuti ndikhuthule. Malipiro ake ndi ochepa, a bandulo ndi sopo, koma ndimawalandira ndi manja awiri.

Kodi kumeneko kachewere amaola? Ine ndimaganiza kuti muli ndi dimba m'mbali mwa mtsinje wosaphwa, kopanda chiwawu, kopanda chiswe, msana wanu utasiya kupweteka. Ndimakuonani mwakhala pa ndowa yovundikira, mukuyang'ana kuno, mukupukusa mutu kuti mwana uyu mpaka lero akucheza ndi mphepo.

Choncho chiliza chaka chino kulibe. Mvula ikubwerayi ikupezani ndi thabwa lomwe lija, ndipo zikundiwawa kwambiri. Kumanda sitilowa wamba, mukudziwa, koma ndikamadutsa m'mphepete mwa mitengo ija ndimachepetsa liwiro, mutu uli pansi. Achimwene akundiyankhabe mwachidule. Mundikhululukire ngati munali mutayamba kuyembekezera. Kungoti sindikanatha kulemba dzina la mayi wokhuthula pa mwala wogulidwa ndi chipewa cha ndowa.

Nkhungu yayamba kuyera. Mtengo wa pichesi watulukira, njira ya kudimba nayo yaoneka, ndipo mulibe munthu.

Ndikukulonjezani kuti chiliza tidzamanga, simenti yake thumba limodzilimodzi, ngakhale mdzukulu wa dzina lanu uja adzakhale atayamba kuyenda. Vesi lija lidzakhalapo. Koma pansi pake ndidzalembetsa mawu awiri, amalume adabwe asadabwe: Ankakhuthula ndowa.

Gonani bwino, amayi. Ndimakukondani monga kale, mwinanso kuposa.

Ndine mwana wanu wotolera uja,
Esinati