Akufa Anayi m'Kawailesi ka Limbikani

Lachiwiri, 1 Epulo 2025

Kope ndi langa, mawu ndi anga, dzanja ndi la che Habiba a kuseri kwa mpanda. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 2, ndipo maso tsopano ndi nkhungu yokhayokha. Ndawauza alembe monga ndanenera, osakometsa. Akuti, "Chokometsa palibe, a Nikodemo." Chimenechonso alembe.

Chifukwa cha kope: mutu ukutaya zinthu. Chimene ndaganiza m'mawa, masana kulibe.

Dzulo wakabaza wabweretsa kaphukusi kuchokera ku Namadzi. Katumizidwa ndi Limbikani, mwana wanga wamkazi wa ku Lilongwe. M'kati kawailesi kotchaja padzuwa. M'kawailesimo nyimbo zinayi za azungu anayi, onse anafa kalekale. Zopanda mawu. Woimba limba ndi iye mwini. Nyimbo isanayambe amayankhula pang'ono, kufotokoza za mwini wake.

Akubwera pa Isitala. Akufuna kuimba imodzi m'tchalitchi mwathu. Mawu ake: "Bambo, munaweruza makwaya zaka zambiri. Ndiikireni anthu awa pamzere. Amene mumuike patsogolo ndi amene ndidzaimbe."

Zaka zinayi osaponda pano. Chichokereni pa maliro a mayi ake.

Maina a azunguwo lilime langa lakana. Ndawapatsa anga. Wa Ana Ambiri, poti akuti anabereka makumi awiri. Wofa Msanga. Gonthi. Wachifuwa.

Changanso chifuwa sichili bwino. Kuchoka pakhonde kufika kukhola, kuima kawiri.

Lachinayi, 3 Epulo

Zaka makumi anayi ndikutsogolera kwaya, pepala la manotsi sindinaliwerengepo. Khutu basi. Muyeso wanga ndi umodzi: nyimbo ikhale ndi popumira. Mayi wobereka mwana kumbuyo aziimaliza osabanika.

Wa Ana Ambiri sapuma. Dzanja ili likuyankhula, linalo layankha kale linzake lisanamalize. Amayi awiri pa mtondo umodzi, misi osagundana. Luso lilipo, sindikana. Koma ndamvetsera mpaka wobanika ndakhala ine. Mwina m'nyumba ya ana makumi awiri ukangokhala chete pang'ono amakulanda mawu.

Wofa Msanga ndi munthu wa paukwati. Malaya osita, mano panja. Phazi la che Habiba limagunda lokha pansi. Akukana, koma ndinamva patapata.

Gonthi amamenya chitseko. Kuyamba ngati matalala pa malata, kenaka kunong'ona, kenaka kumenyanso. Alipo amene anamulakwira. Mbuzi zinachoka pakhonde.

Wachifuwa sindinamumve. Moto unatha m'kawailesi atangoyamba. Mitambo tsiku lonse.

Mzere wa lero: Wofa Msanga, Wa Ana Ambiri, Gonthi. Wachinayi adikire dzuwa.

Anankafumbwe alowa m'thumba lotsala. Chimanga cha kumunda sichinaume.

Lamulungu, 6 Epulo

Kutchalitchi pa kabaza. Miyendo yakana. Kale ndinkafika woyamba, kutsegula mazenera.

Wotsogolera kwaya wa masiku ano amagwedeza manja onse awiri ngati akuingitsa nkhuku. Ine linali dzanja limodzi. Chibakera m'mwamba: gwirani mpweya, nyimbo sinathe. Kutambasula zala: pumani. Theka la mpingo uno linakulira pansi pa chibakera chimenecho. Zaka zisanu ndi chimodzi tsopano chili m'thumba la jekete.

Titatuluka ndinapempha a Lameck, mkulu wa mpingo, za nyimbo ya Limbikani. Funso lawo: "Nyimbo yopanda mawu ikutamanda ndani?" Ndinati mbalame nazonso zilibe mawu, koma sitinazichotse mumpingo. Anaseka ndi mphuno. Alola mphindi zisanu, ulaliki ukatha. Anawonjezera: "Koma anthu akayamba kuseka, manyazi ndi anu, aphunzitsi, ndi a mwana wanu."

Lameck yemweyu ndinamuphunzitsa kutsegula pakamwa. Ankalowa nyimbo msanga nthawi zonse.

Anthu akandifunsa za Limbikani ndimati ndi mphunzitsi ku Lilongwe. Chimene amaphunzitsa sindinatchulepo. Amaganiza kuti ndi masamu.

Lolemba, 7 Epulo

Dzuwa. Kawailesi kadzaza.

Wachifuwa ndamumva. Kanayi.

Amayamba pansi, ngati munthu wolowa m'chipinda cha wodwala. Dzanja lamanzere likuyenda pang'onopang'ono, lamanja likukwera kaphiri. Limakwera, kuima, kuyang'ana kumbuyo, kukweranso. Popumira paliponse. Munthu uyu ankadziwa kuti mpweya umatha.

Cha kumapeto pali malo amene zonse zimangoti zii. Ndinawerenga: mpaka sikisi. Che Habiba anatambasula dzanja kuti azimitse, ndinawagwira mkono. Kenaka inabwerera, yaing'ono kuposa poyamba, nkukafika yokha kwawo.

Limbikani akuti anamwalira ndi nthenda ya m'chifuwa, kutali ndi dziko lakwawo.

Che Habiba akuti ndi nyimbo ya munthu wosadya. Iwo akadali kwa Wofa Msanga. Ndawauza kuti khutu lawo ndi la pamsika. Akuti langa ndi la kumanda. Tagawana mbatata.

Mzere: Wachifuwa. Ena atatuwo akangane okha.

Lachisanu, 11 Epulo

Masiku atatu pamphasa. Lachitatu kuchipatala, mapiritsi ang'onoang'ono oyera. Akuti ndizigona mutu uli pamwamba, ndisanyamule kanthu. Ndinyamulanso chiyani.

Pogona mutu umafukula zakale. Che Habiba, lembani pang'onopang'ono, ndipo izi zisatuluke mpanda.

Limbikani anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Mawu oyamba m'kwaya yanga, abwino kuposa onse. Anatola buku la manotsi kusukulu nkudziphunzitsa yekha kuliwerenga. Loweruka lina tikukonzekera, anthu makumi atatu, anakweza dzanja. "Bambo, pepala likuti apa tisapume."

Ndinati, "Pano mphunzitsi ndi mmodzi. Tuluka."

Anatuluka. Buku m'khwapa, osalira. M'kwaya yanga sanaimbenso. Atafuna sukulu ya nyimbo ndinakana, ndinati nyimbo si ntchito. Anamuthandiza ndi achemwali a mayi ake.

Sabata yomweyo ndinayesa malo aja ndekha kudimba, kopanda munthu. Osapuma. Inamveka bwino kuposa mmene ndinkaiphunzitsira. Mwana ananena zoona. Ndinasintha m'kwaya patapita chaka, ngati nzeru zanga.

Mayi ake anapita osamva zimenezi. Limbikani mwini wake sakudziwa.

Basi. Ndatopa.

Lolemba, 14 Epulo

Amayi asanu a mumpingo abwera kudzandizonda. Nkhuni, ufa m'kambale, pemphero lalitali. Ndinaona mwayi woyesa khutu la mpingo. Ndinati che Habiba atsegule kawailesi.

Wofa Msanga: mitu kugwedezeka, wina kuomba m'manja motsatira. Akuti ikukoma, ikungosowa ng'oma.

Wa Ana Ambiri: anayamba kukambirana za mtengo wa sopo.

Gonthi: mwana wa kumbuyo analira.

Wachifuwa: poyamba chete, ndinayamba kulimba mtima. Kufika malo a zii aja, onse m'manja, wina kanthungululu. Nyimbo itabwerera anagwa nacho chiseko. Mmodzi: "Anaiwala, wakumbukira tsopano." Wina: "Mwana wanu kodi sanaimalize kuphunzira, aphunzitsi?"

Amayi asanu okha. Pa Isitala adzakhala mazana atatu, ndi a Lameck kutsogolo.

Mwanayu ndinamutulutsa kamodzi pamaso pa anthu. Kachiwiri asekedwe m'nyumba yomweyo, nyimbo yake nditasankha ine? Akasekedwa sadzapondanso pano. Ndikudziwa, ndi magazi anga.

Chakudya chakana kulowa.

Lachitatu, 16 Epulo

Ndauza che Habiba atumize uthenga pa foni yawo. Woyamba Wofa Msanga. Wachiwiri Wa Ana Ambiri. Wachitatu Gonthi. Wotsiriza Wachifuwa.

Akuti, "Mukunamiza mwana, a Nikodemo." Ndati ntchito ya dzanja ndi kulemba. Akuti dzanja limeneli lili ndi mwini wake. Akhalitsa nayo foniyo, kope lili pamwendo. Ndamva kutsegula masamba, foni nkulira kawiri ngati pojambula. Ndafunsa, akuti ndi netiweki.

M'kope muno mokha mukhale zoona, kuti ndikadzaiwala mudzandiwerengere.

Woyamba Wachifuwa, chifukwa amadikira munthu wotopa.

Wachiwiri Gonthi. Ndamumvanso dzulo. Si mkwiyo wokha. Ndi munthu amene akufuula kuti adzimve yekha. Ndikumudziwa.

Wachitatu Wa Ana Ambiri. Mmisiri, mpando wake sugwedera. Ndikanakhala ndi mpweya wa kale mwina akanakwera.

Wofa Msanga pamapeto. Alibe mlandu. Anangopita asanatope.

Yankho la Limbikani lafika masana. "Ndamva, bambo." Mawu awiri basi.

Loweruka, 19 Epulo

Wafika. Makabaza awiri kuchokera ku Namadzi: wina iye, wina limba lokulunga m'chitenje ndi batire la galimoto.

Anagwada pakhonde kupereka moni. Nkhope sindikuiona bwino. Mawu ndi a mayi ake.

Takamba za denga la kukhitchini. Za mbuzi. Za mapiritsi, wawerenga pepala lake lonse. Za nyimbo ayi. Wasesa m'nyumba monse ngati muli mlandu. Kenaka wapita kuseri kwa mpanda, wakhalako nthawi yaitali, ndimangomva kuseka kwa che Habiba.

Jekete yasitidwa. Ndagona masana onse.

Lolemba, 21 Epulo

Che Habiba akuti dzanja lawo latupa. Dzanja lotupa lasenda chinangwa m'mawa uno, ndamva mpeni. Ndiye lero akulemba ndi Limbikani. Lemba monga ndanenera, iwe, osakometsa.

Dzulo tchalitchi chodzaza mpaka m'mazenera. Ine pa benchi ya akuluakulu, pambali pa a Lameck. Ulaliki utatha a Lameck anaimirira nkunena kuti mwana wa aphunzitsi atiimbira za kunja, tipirire mphindi zisanu. Ena anaseka pamenepo pomwe.

Ndinakonzeka kumva za paukwati. Zala zitangogwa pa limba, ndinamuzindikira. Wachifuwa.

Che Habiba anajambula masamba awiri a kope langa, la pa 7 ndi la pa 14, nkutumiza pamodzi ndi uthenga wanga wabodza. Avomera okha. Akuti enawo sanakhudze, analumbira. Nkhani imeneyo tidzakamba pampanda.

Anthu anakhala chete, koma chete wa anthu odikira. Ndinkadziwa pamene tikupita. Phiri loyamba, lachiwiri. Ndinamva amayi kumbuyo akukonza manja, zibangili kulira. A Lameck kukhosomola.

Mmene ndinaimirira sindikudziwa. Ndodo inagwa pansi. Ndinatembenukira kumpingo, chibakera m'mwamba.

Zii.

Wani. Thuu. Palibe dzanja linagunda linzake. Agogo opanda mano amene ndinawaphunzitsa ali atsikana, amuna a imvi, onse mpweya m'chifuwa. Ngakhale Lameck, kamodzi m'moyo wake, sanalowe msanga. Sikisi. Nyimbo inabwerera, yaing'ono, nkukafika kwawo.

Ndinatambasula zala. Tchalitchi chonse chinapumira limodzi, ndinachimva ngati mphepo m'chimanga. Nthungululu zinabwera pambuyo, pamalo pake.

Anandikhazika pansi ndi anthu awiri. Mpweya unatenga nthawi kubwerera. Panja wina anafunsa kuti kodi mwanayu amaphunzitsa chiyani ku Lilongwe. Ndinati nyimbo. Mokweza, poti wofunsayo ngogontha.

Wolembayu akuti anasankha dala. Akuti ankafuna aone ngati ndidzangokhala. Ukanandipha, iwe. Akuti mapiritsi anali m'thumba lake.

Mawa akubwerera. Limba akuti alisiya mpaka Ogasiti, kulinyamula kawiri nkovuta. Sindinafunse zambiri.

Tsopano lemba ichi, usandiyang'ane. Loweruka lija, pamaso pa anthu makumi atatu, pepala linanena zoona. Pamalo paja sipanali popumira. Ndinayesa ndekha kudimba sabata yomweyo. Wolakwa anali mphunzitsi.

Cholembera chinaima. Ndawerenga mpaka sikisi.

Chayambanso kuyenda.