Mwamuna Woima pa Chitseko

Lolemba, 3 Marichi

Lero andionetsa filimu ya buku langa, lija la matenda a malemu akazi anga. Sinathe, akadali kudula ndi kulumikiza zigawo zake. Kachipinda kopanda zenera, makompyuta awiri, fani yolira ngati chigayo. Wotsogolera filimu, amene ndamutcha Kachipewa (chipewa chake sachivula), amangondiyang'anira m'mbali. Mtsikana wosewera malemu akutsokomola ndendende. Ndatuluka kawiri.

Lachiwiri, 4 Marichi

Chimene chikundidya ndachipeza. Mwamuna, ineyo, saoneka pamodzi ndi wodwala ngakhale kamodzi. Kamera ikakhala pa bedi, iye ali kuchitseko, mbuu, nkhope yosadziwika bwino. Za anthu zilibe kanthu. Koma mwana wanga adzaonera, ndipo chitulukireni bukuli sanalitchulepo.

Lachinayi, 6 Marichi

Ndamufunsa Kachipewa. Akuti, "Achikulire, buku lanu ndaliwerenga kanayi. Mwamunayu akudziwa mtundu wa makatani, akuwerenga madontho a diripi. Koma palibe tsamba limene wamugwira dzanja mkazi wakeyo. Ine ndangomuika pomwe munamuimika."

Mwana wadzulodzuloyu. Ndinafuna kumuvula chipewacho.

Lachisanu, 7 Marichi

Ndafufuza masamba onse 212. Palibedi.

Loweruka, 8 Marichi

Ndinkaopa, basi. Fungo la mankhwala, timanja tija towonda. Ndinkaima pa chitseko ndi kope, ati ndikusunga mbiri yake, pamene mwana wathu wa zaka 16 ndiye ankamutembenuza, kumupukuta, kumumwetsa madzi ndi supuni. Buku linalandira mphoto. Mtima ukundiwawa kuposa tsiku la maliro.

Lolemba, 10 Marichi

Kachipewa wandimvera chisoni. Kani anajambula kachigawo kena kongosungira: mwamuna wakhala pa bedi, wagwira dzanja, dzuwa likuwalira onse awiri. Masekondi 9. Kokongola mochititsa manyazi. Akuti ndisankhe ndine pofika Lachitatu, kalowe kapena ayi.

Ndikufuna kalowe. Mulungu andikhululukire.

Lachitatu, 12 Marichi

Ndapita ndi mwana wanga. Waonera yonse manja ali m'thumba. Kachipewa ataika kachigawo kogwirana manja kaja, mwanayo wasendera pafupi ndi kompyuta.

"Awa ndi ndani, ababa?"

Ndauza Kachipewa akachotse.

Potsika masitepe mwana wanga anali patsogolo. Wayankhula osatembenuka.

"Chimodzi alakwitsa mufilimuyi. Pa bedi paja ine sindinkakhala mbali ya kuchitseko. Amayi ankati ndisiyeko malo, mwina lero mulowa."