Makatoni Asanu a Ziwiya za Dominga

Amayi, kodi kumeneko muli bwanji?

Ine ndilipo, ku Chinyonga konkuno, m'nyumba ija munkati masitepe ake amakuthyolani mawondo. Papita nthawi ndisanakulembereni. Nkhani yaikulu mwina mwaidziwa kale, pakuti mpongozi wanu Dominga anakutsatani mwezi wa Meyi. Ngati mwaonana naye, mumuuze kuti ndikudya, asade nkhawa.

Tsiku lomaliza limene tinakhala bwinobwino linali Lachiwiri. Magetsi anali atathima kuyambira dzulo lake. Dominga anadzuka m'mamawa n'kuyatsa mbaula pakhonde, kuti ayesere kuphika masikono mumphika wothira mchenga pansi, makala ena pachivundikiro. Ana a Fomu 4 amene ankawaphunzitsa anali pafupi kulemba mayeso a boma, ndipo paphunziro lake la zophikaphika mwana amaphika pamaso pa woyesa, nthawi ikuwerengedwa. Ankaopa kuti tsikulo magetsi akadzathima, uvuni wa kusukulu udzangokhala chabe. Anandipatsa wotchi kuti ndimugwirire. "Bambo a Tadala, yang'anani wotchi, ine mwandiona zaka zambiri," anatero. Masikono oyamba anapserera kunsi. Ndinadya awiri ndi tiyi iye ali kosamba, ndipo atatuluka anandikalipira: "Mwadya opsererawo? Nanga ana ndikawaonetsa chiyani kuti adziwe kuipa kwa moto wambiri?" Tinayenda limodzi mpaka pasiteji, iye ndi basiketi yake, ine ulendo wa ku Limbe kushopu ya zitsulo za galimoto. Madzulo anadandaula mutu cha kunkhongo, anamwa mapiritsi n'kugona msanga. M'mawa mwake anagwa m'chipinda chophikira cha kusukulu, ana akuona. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Sanayankhulenso, ndipo Lachisanu anatisiya.

Tinakamuika kwawo ku Nsanje. Titachoka kumanda, alamu anga a Zuze, achimwene ake aakulu aja munkati amayankhula ngati akuwerenga kalata ya kukhoti, anandiitanira pambali. Anati, "Alamu, kubanja kwathu katundu wa malemu amasonkhanitsidwa malo amodzi, chitseko n'kutseka. Palibe chotuluka, palibe chogwiritsa ntchito, kufikira ife titabwera kudzagawa mu Ogasiti. Ngakhale supuni." Ndinavomera. Inu munkandiuza kuti ukakwatira kwa eni sufunsa chifukwa, umangovula chipewa.

Apa ndi pamene ndinalakwira, Amayi. Nditabwerera kuno ndinakumbuka kuti ziwiya zambiri za Dominga zinali kusukulu. Zaka zonsezi ankangotuta kunyumba pang'onopang'ono: lero mphika, mawa sefa, kenako sikelo yake yoyezera ufa, makapu oyezera, zitini zophikira keke, mipeni. Chilichonse chake ankachidontheza penti yobiriwira kunsi. Ndinabwereka kagalimoto ka kuntchito n'kupita. Ahedi anangoti, "Pepani bambo, tengani," chifukwa wofedwa palibe amene amamutsutsa. Ndinkatembenuza chiwiya chilichonse, chokhala ndi penti n'kuponya m'katoni. Makatoni anakwana asanu. Sindinacheuke kuti ndione chimene chatsala m'makabati. Zonse ndinazitsekera m'chipinda chimene munkagona chija, pamodzi ndi zovala zake.

Za kumudzi ndikuuzeniko pang'ono. Achemwali a Agnesi chimanga chaka chino sichinawayendere, mvula inadula chikungomasula ngaiyaye. Nandolo yekha ndiye wabereka. Mpopi wathu kuno umatha masiku atatu osadontha, ndipo peyala munadzala kuseri uja ndamudulako nthambi imene inkakhula malata. Ndikudziwa simukanalola.

Patapita masabata awiri anandiitana kusukulu kuti ndikasaine mapepala a Dominga. Njira ya ku ofesi imadutsa pawindo la chipinda chophikira, ndipo ndinaima pamenepo. M'malo mwa Dominga anali ataikamo mphunzitsi wachitsikana, Madamu Phiri, wongotuluka kumene ku koleji. Anali atajambula sikelo pabolodi ndi choko. Ana onse anali atavala maapuloni, ataima kumatebulo opanda kanthu. Mtsikana mmodzi ankatakasa mphepo mumphika wopanda chogwirira, anzake ali pamzere kudikira kuti nawonso agwireko mthiko. Madamu Phiri atandiona anatuluka. Sanandidandaulire ayi. Ndinafunsa ndine kuti ziwiya za sukulu zili kuti. Anati, "Bambo, za sukulu ndi zomwe mukuzionazo, miphika iwiri ndi uvuni. Tinalemba kalata yopempha, akuti tidikire. Ana ena abweretsa tamiphika ta kwawo, koma sikelo palibe amene ali nayo." Mayeso anali atatsala masiku khumi.

Mukukumbuka mmene munkamusekera Dominga akamayeza ufa? Munkati mkazi weniweni sikelo yake ndi dzanja. Iye ankakuyankhani kuti, "Amayi, dzanja lanu laphika zaka makumi asanu, la ana anga laphika materemu awiri." Ndinachoka pawindopo mawu amenewo akundisowetsa mtendere. Munthu anagwera m'chipinda chomwecho akuwakonzekeretsa anawo, ndipo amene anadzawalanda zida ndine mwamuna wake.

Ndinawaimbira a Zuze madzulo omwewo. Ndinafotokoza zonse, ndinapempha kuti andilole kungobwereketsa kwa masiku ochepa. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Alamu, tinagwirizana pamanda. Sukulu ndi ya boma, boma ligule miphika. Mukatsegula chitseko chimenecho tidzadziwa kuti mlongo wathu munalibe naye ulemu." Musawaweruze, Amayi. Sikuti ankasirira miphika yakudayo. Kwa iwo chinthu cha malemu chikayenda eni asanachimasule, ndiye kuti maliro aipitsidwa, ndipo pakhomo potero sapondaponso.

Chimene chinkandilemera kwambiri ndi Tadala. Mdzukulu wanu uja anali woyembekezera, masiku atayandikira, mayi ake kulibe. Amene analonjeza kudzamukhalira m'chikuta anali amayi ake aang'ono a ku Nsanje komweko. Ndinadziwa kuti ndikatsegula chitseko, ndamutsekera iyeyo njira ya kwa amayi ake. Masiku atatu ndinkangodutsa pachitsekopo kiyi ali m'thumba. Kuntchito ndinapatsa kasitomala chitsulo cholakwika kawiri, abwana n'kundiuza kuti ndikapume. Pomaliza ndinapita kwa Tadala n'kumuuza. Iye anati, "Ababa, amayi akanakhala kuti ali pano bwenzi atathyola kale loko ameneyo ndi mpeni wa buledi."

Loweruka ndinatsegula. Ndinabweza makatoni onse asanu. Ana anali komweko, pakuti Madamu Phiri ankawaphunzitsa ndi Loweruka lomwe. Anayamba kutulutsa ziwiya akuseka, wina akuti uwu ndi mphika wanga, wina akuti sefa iyi imaluma chala. Kenako inatuluka sikelo ija. Mtsikana wina anakhala pansi n'kudziphimba ndi apuloni. Ine ndinatuluka, ndinakakhala m'galimoto. Tsiku la mayeso magetsi sanathime n'komwe. Ana onse anaphika, ngakhale ndinamva kuti wina keke yake inakana kufufuma. Zotsatira sizinatuluke, ndiye sindingakuuzeni kuti zinathandiza motani.

Tadala anachira mu Julaye, mwana wamkazi, wamphumi ngati yanu. Kuchokera ku Nsanje sikunabwere munthu, ngakhale foni. Mbiri inali itafika kale, sindikudziwa kuti inayenda ndi ndani. Anamusamalira ndi amayi ena a kumpingo, ndipo anachita bwino, koma Tadala ankati akamva kugogoda ankadzuka msanga, n'kugonanso. Zimenezo ndinazichititsa ndine, ndipo sindingazikane.

Mu Ogasiti a Zuze anabwera ndi alongo awo awiri. Ndinawauza zonse asanakhale n'komwe pansi, kuti asamve ngati ndikubisa. Sanakweze mawu. Analowa m'chipinda, anagawa zitenje, madiresi, nsapato ndi mabulangete, chilichonse akutchula mwini wake watsopano. Atatha a Zuze anafunsa kuti ziwiya zibwera liti, popeza mayeso anatha. Yankho ndinali nditaliganizira kale. Ndinati sizibwera, chifukwa a Fomu 3 alowa m'chipinda chomwecho teremu ikubwerayi, ndipo kalata yopempha ija sinayankhidwebe. Iwo anati, "Ndiye mwagawa nokha, alamu. Ife tinangovutika ulendo." Nkhomaliro imene ndinawakonzera sanaikhudze. Kwa Tadala ndi mtunda woyenda pansi kuchokera pano, koma sanapiteko kukaona mwana. Ndinawanyamulira zikwama mpaka pasiteji, ndipo ananditsazika ngati munthu wongokumana naye m'basi.

Lolemba lake ndinapita kwa ahedi n'kulemba pamanja panga kuti ziwiya zonse za malemu mkazi wanga ndi za chipinda chophikira, wina asadzazichotsemo, ngakhale ine amene. Sindinasungeko kanthu. M'chipinda chanu chija tsopano mwangotsala bedi ndi misomali kukhoma. Ndinachisesa, chitseko ndachisiya chotsegula.

Ngati ndinalakwa, Amayi, mundikalipire inuyo, Dominga mumusiye apume. Ndikukulonjezani chinthu chimodzi. Mwana akalimba khosi ndidzamutenga ndi mayi ake kupita ku Nsanje. Ndikakhala pansi pakhomo pa a Zuze, chipewa m'manja, ndipo sindikadzuka kufikira wina wa kwa Dominga atamulandira mwanayo m'manja mwake.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani nonse awiri.

Ndine mwana wanu,
Lameki