Makope a Njanji a Malume Maynard

Aphungu,

Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Kasinje. Ndithandizeni nzeru mwezi uno usanathe.

Malume anga, a Maynard Ngozo, adamwalira mwezi watha. Kwa zaka makumi atatu anali mtolankhani, ndipo nkhani zawo zonse zinali za sitima ndi njanji. Adalembanso mabuku awiri. Kunena zoona, ife kumudzi sitinkalabadira. Akabwera patchuthi tinkangowaona atakhala pasiteshoni, kope pabondo, akuyang'ana mabogi a sitima ya katundu. Ena ankawaseka kuti anzawo akulemba za nduna, iwo ali kalikiliki ndi zitsulo.

Maliro atatha, adandituma kukasesa m'nyumba mwawo. Pansi pa bedi ndidapeza bokosi lachitsulo muli makope 47, lililonse ndi nambala yake. Ndidati ndingoonako tsamba limodzi, koma tsache sindidalitolenso tsiku limenelo.

Aphungu, sindinkadziwa kuti munthu angathe kuona zinthu chonchi. Muli bambo wina amene m'mawa uliwonse ankayenda m'njanji akuigogoda ndi nyundo, ndipo malume akufotokoza kuti chitsulo chabwino chimalira ngati belu, chong'aluka chimangoti phu. Muli amayi a kudambo amene ankakweza matumba a mpunga sitima itangoima mphindi zitatu, aliyense ndi dzina lake. Muli chaka chimene madzi adakokolola dothi, njanji n'kutsala ikulendewera m'malere, ndi mlimi amene adathamanga kukaimitsa sitima ndi chitenje chofiira cha mkazi wake. M'kope la 19 ndidapezamo malemu mayi anga akukwera sitima ya ku Balaka ali ndi pakati pa ine, nkhuku ili m'khwapa. Ndidalira. Makope omalizira ndi buku lachitatu losamaliza, ndipo paliponse alemba kuti "onani kope 8", "onani kope 30". Limodzi likasowa, bukulo lafa.

Malume sadasiye mkazi kapena mwana, choncho katundu wawo agawidwa kwa ife ana a alongo awo, tilipo asanu ndi awiri, Loweruka lomaliza la mwezi uno. Mayi aakulu, a Esnath, ndiwo akuyendetsa mwambowu. Nditapempha kuti makope asagawidwe adati, "Malaya tigawana, mipando tigawana, nanga makope apite kwa munthu mmodzi chifukwa chiyani? Kodi malume anali ako wekha, aphunzitsi?" Achimwene anga a Goliati anena kale moseka kuti gawo lawo likakutira mandasi.

Ndaganiza zokabisa bokosilo kusukulu n'kunena kuti chiswe chidadya zonse. Kodi ndilakwa?

T.M., Kasinje

Mayi T.M.,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Njanji imeneyo ndaidumphapo kambirimbiri osaganiza kuti pali munthu amene akulemba moyo wa chigwa chonse kuchokera pasiteshoni. Chimene mwapezacho n'chachikulu.

Koma mvetsani kaye mayi anu aakulu. Sakulimbana ndi maphunziro anu. Katundu wa malemu amagawidwa kuti aliyense apite ndi kanthu kogwira m'manja, pasapezeke wonena kuti adamanidwa. Kwa iwo kope ndi malaya n'chimodzimodzi, chifukwa palibe amene wawauza za m'katimo. Ntchito imeneyo ndi yanu, ndipo kufotokoza mumadziwa.

Yambani lero kujambula tsamba lililonse ndi foni, kope ndi kope, motsata manambala. Pemphani aphunzitsi anzanu awiri akuthandizeni, ndipo zithunzizo zisakhale m'foni imodzi.

Kenako pitani kwa a Esnath panokha, Loweruka lisanafike, osati pagulu pamene munthu wamkulu savomera msanga kuti wasintha maganizo. Mayi anu ali m'makopemo, ndiye a Esnath sangasowemo. Funani tsamba lawo mukawawerengere. A Goliati nawo muwafunire lawo. Munthu akamva dzina lake papepala, pepalalo salikutira mandasi.

Mukatero pemphani kuti bokosilo likhale la banja lonse, inu mukhale wosunga chabe, ndipo nenani poyera kuti pa malaya ndi mipando simutengapo kanthu. Afunseninso atolankhani anzawo a malume, ngati alipo amene adabwera kumaliro, za mkonzi yemwe angamalize bukulo, komanso za kosungira zolembedwa zakale ku Zomba.

A Esnath akakanabe, perekani makopewo ndi manja awiri. Zithunzi mudzakhala nazo, ndipo makopewo muzidzabwereka kwa abale.

Za chiswezo zisiyeni. Bodza la pamudzi silitha chaka, ndipo tsiku limene bukulo lidzatuluke aliyense adzadziwa kumene lidachokera. Komanso buku losamaliza limafuna anthu ofunsa: mlimi wa chitenje uja anali wa mudzi uti, bambo wa nyundo adasiya ana kuti. Amene akudziwa zimenezi ndi a Esnath ndi anzawo a msinkhu wawo. Mukawanamiza Loweruka, mudzakhala ndi makope onse 47, koma wokuyankhani sadzapezeka.

Aphungu