Kabowo ka Pansi pa Manifodi

Kota Kota,
Nyasaland.
16 Juni, 1957.

Okondedwa achimwene Bakari,

Salaamu aleikumu. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino kumeneko ku Sozibele, inu ndi anzanu onse a pa galaja. Kuno tilipo. Ababa adzuka, kupatula maso aja amene tsopano anatsekeratu, moti dzuwa amangolimva pakhungu. Mpunga chaka chino wachita bwino, anthu ali kalikiliki kumweta ndi kupuntha, ndipo mwera wayamba kale kutizunza m'mawa.

Phukusi lanu ndinalandira. Mnzathu Zaidi, pobwera kuchokera kumeneko, anafika nalo pakhomo atalisenza, asanakaonekere n'kwawo komwe. Nditamasula chiguduli ndinapeza manifodi yatsopano, yoyera mbee, ndi kapepala kamene munajambulapo manambala a kamangidwe ka manati. Zaidi anafunsa kuti chitsulo chanthambi chimene chamuvutitsa ulendo wonsewu n'chachiyani. Ndinamuuza kuti ndi kholingo la lole, modutsa mpweya ndi petulo kuchoka ku kabureta kulowa mu injini. Uku ndikumuyankha, uku ndikutembenuza kapepala kaja kuti mwina kuseri kuli mawu. Ndinakutumulanso chiguduli.

"Sanakupatseni uthenga wapakamwa?" ndinamufunsa.

"Anangoti mukapereke kwa Fakiri."

"Basi?"

"Basi."

Sindikudandaula, achimwene. Makalata atatu ndinakulemberani, ndipo yachitatu ija, yonena kuti manifodi yakale yang'ambika, mwaiyankha ndi chitsulo. Zikomo kwambiri, Mulungu akuonjezereni. Tsono mundilole ndikuuzeni mmene yayendera, chifukwa kuno palibe wina woti ndingamufotokozere zimenezi n'kundimva.

Mukudziwa nokha kuti manifodi imeneyi si ya mtundu wa lole yathu, ija tinagula kwa asilikali titabwerako ku nkhondo. Mabowo a mabawuti anagwirizana bwinobwino, koma khosi lake ndi lalitali. Kabureta inakwera m'mwamba, ndipo kandodo ka mafuta kochokera kuphazi kanaperewera ndi zala ziwiri. Ndinapita nako kwa Kalilu wosula makasu, anakalumikiza. Gasiketi ndinadula pa chikatoni cholimba n'kupaka girizi, manati ndinamanga motsata manambala anu, kuyambira pakati kupita kunja. Nditapukusa hendulo kachitatu, injini inalira. Ndinaseka ndekha pabwalo ngati wamisala.

Kusekako sikunakhalitse. Ndikangobwezera mkati choko, kabatani kaja kothandiza injini yozizira kulira, injini inkanjenjemera n'kuzima. Ndikaponda mafuta inkayamba yatsokomola kaye mu kabureta, phu phu, kenaka n'kukalipa ngati ikufuna kuthawa pamalo. Ndinadzinamiza kuti ikayenda mtunda ikhazikika, ndipo Lachitatu ndinanyamuka kukatenga mpunga ku Liwaladzi. Popita, yopanda katundu, inayenda motsimphina koma inafika. Pobwerera ndi pamene ndinaona zakuda. Titaoloka Bua pa pantoni, lole inazima pakati penipeni pa chitunda chija chochokera kumadzi, n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Pamwamba pa matumba panali amayi anayi ndi khanda. Kukuwa kwawo ndikukumvabe mpaka lero. Mabuleki okha sakanaigwira, koma bambo wina wa pa pantoni anathamanga ndi chipika n'kuchiponya kuseri kwa tayala. Palibe anavulala, alihamudulilahi. Tinatsitsa theka la matumba dzuwa likuswa mtengo, anthu n'kukankha.

Filipo, amene amayendetsa lole ya mmwenye, anali pomwepo akudikira kuoloka. Anasuzumira pawindo nati, "A Fakiri, aitaneni akulu anu aja. Imeneyi inkamvera iwo." Anthu anaseka. Koma kwa ine mawuwo anakafika pamene iye sankadziwa. Mukukumbuka zimene ndinalankhula pa msika zaka zinayi zapitazo, pamaso pa anthu, zoti lole ingayende popanda inu. Munaika sipanala pa madigadi, ndipo sabata isanathe munali mutapita. Chichokereni pa Bua tsiku limenelo, alimi a ku Liwaladzi anayamba kusunga matumba awo kudikira Filipo, ndipo sindikuwanena. Ndani angakweze mpunga wa chaka chonse pa lole yobwerera kumadzi?

Masiku asanu ndi anayi ndinakhala ndi boneti yotsegula. Kabureta ndinaimasula kawiri, ndinatsuka, ndinauzira timabowo tonse mpaka milomo kuwawa ndi petulo. Moto wa mapulagi ndinauyesa, unali bwino. Koma nditawazula ndinaona chodabwitsa: anayi akutsogolo anali ofiirira monga mwa masiku onse, awiri akumbuyo anali oyera ngati phulusa. Ndinakumbuka zimene munkandiuza, kuti pulagi yoyera ndi ya silinda imene ikudya mpweya wambiri, petulo pang'ono. Ndiye kuti mpweya unkalowera penapake mwakuba. Ndinadontheza oyilo m'mbali monse mwa gasiketi injini ikulira, kuti ndimve ngati isinthe mawu, koma ayi. Ndinadula gasiketi ina, ndinamanganso. Chimodzimodzi.

Apa ndiulule choipa chimene chinandibwerera mumtima. Tsiku lachisanu ndi chitatu ndinakhala pa sitepe ya lole, manja ali bii, ndikuganiza kuti mwina mwanditumizira dala chinthu chosagwira, kuti ndione ngati ingayendedi popanda inu. Ndinatenga sipanala kuti ndiichotse ndikaitaye kudzala. Mundikhululukire pa ganizo limenelo. Munthu ukakhala wekha masiku ambiri, mutu umayamba kukuuza zinthu.

Ndati ndekha chifukwa pali china chimene ndinakubisirani. Ndinakulemberani kuti mkazi wanga Rahila wapita kwawo kukadwazika mayi ake. Mayi akewo anachira kale mu Novembala, koma iye sanabwerere. Nkhani inathera kwa shehe, mwamtendere, popanda kutukwanizana. Anati anatopa kukhala ndi mwamuna amene amalankhula ndi lole yokha. Sindinamutsutse. Mlongo wathu Madina amabwera kuchokera ku Benga pakapita masabata awiri kudzatichapira ndi kutisinjira, masiku enawo timaphika tokha. Panyumba pano tatsala awiri, ine ndi Ababa, ndipo tsiku limatha titalankhulana mawu owerengeka.

Tsiku lakhumi m'mawa ndinalizanso injini, choko chili panja. Ababa anali pamphasa pansi pa mango akuothera dzuwa.

"Fakiri, ndani akuimba likhweru?"

"Palibe, Ababa. Ndili ndekha."

"Alipo. Ali m'kati mwa galimoto lakolo. Wakhala akuimba sabata yonse, ndimayesa ukumumva."

Ine sindinkamva kalikonse kupatula phokoso la injini. Anati ndiwagwire dzanja ndiwafikitse pafupi, ndiponso ndiwapatse kathonje. Ndinakana poopa fani, koma mukuwadziwa. Anati, "Zaka makumi anayi ndakhoma zombo pa doko ili. Polowera madzi ndinkapafufuza ndi dzanja, maso ndili nawo. Bwera nalo thonjelo."

Ndinawapindira mkono wa kanzu n'kuwagwira pachigongono. Anayendetsa kathonjeko pang'onopang'ono pamwamba pa manifodi, m'mbali, kenaka pansi, mutu atapendeketsa. Atafika kumbuyo kwenikweni, kufupi ndi khoma la kabini, kathonje kanachoka m'zala zawo ngati kalandidwa.

"Wandilanda! Ndi uyu," anatero.

Anapisa chala pamenepo, ndipo nthawi yomweyo injini inaleka kunjenjemera. Ndinakankhira choko mkati, inapitiriza kulira mofatsa, tu tu tu, monga inkachitira kale. Achimwene, kanali kabowo ka mazinga, kolowa chala chakaniso, koyang'ana pansi, pamalo poti maso sangafike popanda kalilole. Ndikuganiza kuti pa lole ya mtundu wake pamamangidwa kapaipi ka mawaipa. Inu simukanadziwa kuti kali pululu, kapena munayesa kuti ndikaona ndekha. Chitsulo cha utsi chinawaotcha pang'ono padzanja, koma sanalole kuti ndiwapake mankhwala asanamalize ntchito. Anasema kachitsekero ka mlombwa ndi mpeni wawo uja, anakakulunga thonje lonyika mu oyilo monga amamatira chombo, ine n'kukakhomera. Kenaka ndinatembenuza sikuluwu ya kabureta mpaka mawu a injini atasalala.

Tsopano imvani mmene ikuyendera. Mphamvu zachuluka, osati pang'ono. Pamchenga wa ku Chia, pamene tinkalowa ndi giya yoyamba mtima uli m'mwamba, ikudutsa ndi yachiwiri. Mapulagi onse asanu ndi limodzi afanana mtundu. Koma petulo ikumwa kuposa kale, ndipo m'mawa kukazizira imavuta. Ndaona kuti manifodi yakale inkagundana ndi chitsulo cha utsi n'kumafunda msanga, pamene iyi yatalikira. Ndimailiza kaye nthawi yomwera tiyi isananyamuke, apo ayi imatsokomola ndikangoponda. Mundiuze ngati pali chochita, kapena ndingoizolowera. Ndikupemphanso bawuti ya mkuwa yolowa pa kabowo kaja, chifukwa mtengo ndi mtengo, tsiku lina udzauma n'kugwa ndili pakati pa msewu.

Lolemba lapitali ndinabwerera ku Liwaladzi, ndipo Ababa anati apita nawo. Chiyambire kudwala maso anali asanakwerepo. Mlimi mmodzi yekha ndiye anavomera kundipatsa matumba ake, koma anali okwana kudzaza lole. Pa chitunda cha Bua inakwera osapumira, ngati ilibe kanthu kumsana. Filipo kunalibe tsiku limenelo, ndipo a pa pantoni anali kuyang'ana kwina. Ababa okha ndiwo anamenya chitseko ndi chikhatho nati, "Eya!"

Zotsalazi ndi zimene zandichititsa kukhala ndi kalatayi masiku atatu osaimaliza. Tsiku limene Zaidi anabwera, atangochoka, Ababa anandifunsa kuti, "Walemba chiyani mwana wanga?" Anali atamva kukhwekhwereza kwa kapepala kaja. Ndinayang'ana manambala anu, ndinayang'ana nkhope yawo, ndipo pakamwa panga panayamba kuwerenga zimene panalibe. Ndinati, "Okondedwa Ababa, ine ndili bwino. Ndimakukumbukani tsiku lililonse. Mupereke moni kwa mng'ono wanga Fakiri, mumuuze kuti zakale zinatha. Ndibwera pa Idi yaikulu." Anapempha kapepalako n'kukaika m'thumba la kanzu. Manati ndinamanga nditakopera manambalawo pa chikatoni.

Pobwerera kuchokera ku Liwaladzi paja, titadutsa Bua, Ababa anatembenukira kwa ine. Kenaka anati, "Kalata ija unailemba bwino."

Ndinachotsa phazi pa mafuta.

"Yendetsa, usaime. Kapepala kaja n'kochepa ngati chikhatho, mawu onse aja sakanakwanamo. Ndiponso Bakari chibadwire sananditchulepo okondedwa." Anaseka pang'ono, kenaka anafunsa, "Koma mawu aja unkawerengera ine, kapena unkadziwerengera wekha?"

Ndinapondanso mafuta mpaka tinafika kunyumba, ndipo iwo sanaibwerezenso nkhaniyo. Chondivuta n'chakuti ngakhale akudziwa kuti ndinanama, anauza Madina kuti awachapire kanzu yoyera ija aisunge m'bokosi, ndipo m'mawa uliwonse akatha kuswali amandifunsa kuti kwatsala masiku angati kuti Idi ifike. Ndimawauza. Amangogwedeza mutu.

Achimwene, ndinalakwa pa msika paja. Ndinalankhula mwachibwana kwa munthu amene anandiphunzitsa kugwira sipanala, ndipo m'makalata atatu aja ndinkangozungulira osanena mawu amenewa. Lero ndanena. Ngati ntchito singakuloleni kubwera, lembani mizere iwiri yokha ya dzanja lanu, ndidzawerenga zimene zilipo popanda kuonjezera. Koma ngati mungathe, pa 4 Julayi ndidzakhala ku Salima ndi mpunga, ndipo ndamva kuti sitima ya pamtunda yochokera ku Limbe imafika tsiku lomwelo. Ndidzaima pa siteshoni mpaka munthu womaliza atatsika. Mukapanda kuoneka palibe mlandu, ulendowo ndi wa katundu kale.

Madina ndi ana ake akupereka moni. Wamng'ono uja simunamuonepo, akuyenda tsopano. Kalilu akuti moni, Zaidi akuti anafika bwino ndipo phewa linapola. Ena amene munkacheza nawo pa doko ambiri anapita ku Joni ndi ku Wanki, moti moni wa kuno wathera pomwepa. Ababa ndawafunsa kuti ndilembe chiyani m'dzina lawo. Ayamba apukusa kaye tasibihi, mikanda yawo ija yopempherera. Kenaka ati, "Umuuze asavutike n'kundigulira kanthu. Jekete ndili nalo." Awa ndi mawu awo enieni.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ndine mng'ono wanu,
Fakiri.