Anachokayo Ndani?

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Area 25 matupi ali bwino, koma m'nyumba mwanga mwayaka moto.

Gitala munandisiyira ija ndinapekera nyimbo yachikondi ya chamba cha kantire, ya mwamuna wolira mkazi amene anamusiya pa depoti. Nditaijambula pafoni, ndinaitumiza ku gulu la kwaya yathu kuti anzanga andiuze ngati ikumveka bwino. Za gitala palibe ananenapo kanthu. Wina anangolemba kuti, "Pepani abambo, sitinadziwe." Lamulungu mkulu wa mpingo anandikokera pambali, ati bwanji sindinauze ankhoswe. Ndinati kantire amaimba choncho basi, koma sanandikhulupirire.

Akazi anga anazimvera kumsika, amayi anzawo akuwapepesa pa benchi yawo ya tomato. Atafika kunyumba anati ndiwaikire nyimboyo. Anaimvetsera kawiri konse ali chilili. Kenako anati, "Mawu anu akunjenjemera pamene mukutchula basi ya ku Mzuzu. Ine ku Mzuzu sindinapondeko, ndipo ndili pano. Anachokayo ndani?"

Lero ndi tsiku lachitatu, sindinawayankhe. Loweruka amalume awo akubwera.

Achimwene, tsiku lija ndisanakwatire, pomuperekeza pa depoti mtsikana ndinkamukonda uja, akupita ku Mzuzu, tinali awiri, inu ndi ine. Akazi anga akuti akuimbirani foni. Sindikupempha kuti muname ayi, koma chonde yambani mwaimbira ine. Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Bambo a Chisomo